Boti laling'ono la kanyumba: mayendedwe, injini ndi malo owedzera

Anthu awiri akhoza kugula maboti ofanana ndendende, a fakitale imodzi, otalika mamita 6, onse a kanyumba kutsogolo. Pakatha miyezi itatu, wina amakhala akuliyamikira lakelo pamene mnzake akuti anagula tsoka. Woyamikirayo amati boti lake limanyamuka msanga, silimwa mafuta ambiri ndipo padoko limamvera. Wodandaulayo amati lake limayenda mphuno ili m'mwamba, limapendekera mbali imodzi, ndipo kukangoomba kamphepo limamuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Palibe akunama. Mukakwera maboti awiriwo mudzapeza kuti wodandaulayo anamangirira injini yolemera kwambiri, kenaka anaunjika mabatire awiri, kainjini kothandizira ndi thanki ya nyambo, zonsezo kumbuyo.

Ofuna kugula boti lotere amakonda kufunsa mafunso atatu paderapadera: limayenda bwanji pamafunde, ndiike injini yanji, nanga zowedzera ndiziike pati? Pa sitima yaikulu mafunsowa akhozadi kuyankhidwa paderapadera. Koma pa boti la mamita 5 mpaka 7, pomwe munthu mmodzi akangosuntha boti lonse limamva, yankho la funso lililonse limasintha mayankho a enawo, chifukwa zonsezo zikulimbirana zinthu ziwiri zokha: kulemera kumene boti lingasenze ndi malo ochepa amene lili nawo.

Kulima madzi ndi kutsetsereka pamwamba pake

Maboti a injini amayenda m'njira ziwiri. Ena amalima madzi. Thupi lawo limamira pamlingo umodzimodzi kaya aima kaya akuyenda, ndipo amakankhira madzi m'mbali ngati pulawo m'dothi. Ena akapeza liwiro amakwera pamwamba pa madzi n'kumatsetsereka, monga kamachitira kamwala kafulati mukakaponya mopendeketsa padziwe. M'mabuku a maboti mtundu woyambawo umatchedwa displacement, wachiwiriwu planing.

Boti lolima madzi lili ndi malire a liwiro amene injini singawathyole mosavuta. William Froude, injiniya wa ku England, ankakoka timaboti toyesera m'thanki yaitali ku Torquay m'zaka za m'ma 1870, ndipo ntchito yake ndi imene inathandiza anthu kumvetsa chifukwa chake. Boti likamayenda limapanga funde lakelake, ndipo fundelo limatalika liwiro likamakwera. Likatalika kufika pa utali wa botilo, kuwonjezera moto kumangokweza mphuno ndi kutitimiza kumbuyo, boti n'kumakwera chitunda chimene likudzipangira lokha. Ngati mbali ya boti yokhudza madzi ndi mamita 6, malirewo ali pa makilomita pafupifupi 11 pa ola.

Boti lotsetsereka limakwera chitundacho n'kuchidutsa, ndipo maboti ambiri a kanyumba amene amagulitsidwa masiku ano ndi amtundu umenewu. Koma pakati pa kulima ndi kutsetsereka pali liwiro loipa kwambiri. Mphuno imakhala m'mwamba, woyendetsa saona kutsogolo, kumbuyo kumatsala chifunde chosautsa maboti ena, ndipo mafuta amapita ambiri pa kilomita iliyonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti oyamba kumene amakonda kuyenda pa liwiro lomwelo poganiza kuti akusamala.

Mukayang'ana boti lotsetsereka chakumbuyo lili pamtunda, mudzaona kuti kunsi kwake kuli ngati chilembo cha V. Kupendekeka kwa V ameneyu kumatchedwa deadrise ndipo kumayezedwa m'madigiri. Mu 1960 boti lotchedwa Moppie, la mapazi 31, limene analijambula C. Raymond Hunt ndipo mwini wake anali Richard Bertram, linapambana mpikisano wochoka ku Miami kupita ku Nassau panyanja yowinduka. Linali ndi V wozama wa madigiri 24 mpaka kumbuyo kwenikweni, ndipo kuchokera pamenepo opanga maboti ambiri anatengera kapangidweko. Kusiyana kwake kuli ngati kumenya madzi ndi mpeni ndi kuwamenya ndi mbale. Mpeni umalowa mwakachetechete, mbale imaomba mpaka dzanja kupweteka. Koma mbale imakhazikika pamadzi, mpeni sukhazikika. Boti la V wozama limadula mafunde bwino, komabe limafuna injini yamphamvu ndipo likaima limagwedezeka uku ndi uku, pamene msodzi nthawi yake yambiri amakhala ataima. N'chifukwa chake maboti ambiri owedzera amakhala akuthwa kutsogolo koma chakumbuyo V wake safika madigiri 20.

Maboti ogulitsidwa ku Ulaya amakhala ndi kachitsulo kolembedwa gulu lake, kuyambira A mpaka D. Ambiri a msinkhu umene tikukambawu ali m'gulu C, kutanthauza kuti anapangidwira mphepo yofika pa nambala 6 pa muyezo wa mphamvu ya mphepo wotchedwa Beaufort ndi mafunde ofika mamita awiri. Chilembocho chimanena za boti, osati za luso la munthu amene wagwira chiwongolero.

Kanyumbako

Kanyumba kali ndi maonekedwe angapo. Kena n'kotsika, kongokwanira kugonamo ndi kusungiramo katundu. Kena n'kotalika, chiwongolero chili mkati, munthu amayendetsa ataimirira osanyowa. Pali kenanso kamene kamasiya tinjira m'mbali kuti msodzi azitha kuzungulira boti lonse nsomba ikamamukoka.

Ubwino wake sufuna kufotokoza kwambiri: mthunzi, pobisalira mvula, malo ouma a zida zamagetsi. Koma walira mvula walira matope. Kanyumba ndi thanga limene simungalitsitse. Mphepo imakagwira nthawi zonse, ndipo popeza kali kutsogolo kumene boti ndi lopepuka komanso silimira kwambiri, mphuno ndiyo imayamba kutengeka. Kamakwezanso kulemera m'mwamba, ndiye munthu akawonjezera matumba kapena thanki padenga, boti limagwedezeka mowirikiza. Ndipo mita iliyonse ya kanyumba ndi mita imene yachotsedwa pabwalo la kumbuyo powedzera.

Pali ngozi ina yosaoneka. Boti likamayenda pang'onopang'ono chitseko cha kanyumba chili chotsekula, mpweya umazungulira kumbuyo kwa kanyumbako n'kukokera utsi wa injini mkati. Muutsimo muli mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo, n'kumaganiza kuti ndi chizungulire cha mafunde. Kutsekula kazenera kutsogolo kuti mphepo izidutsa, ndi kuika kachipangizo kolira mpweyawo ukachuluka, kumachepetsa ngoziyi.

Boti limakhota ndi kumbuyo

Amene anazolowera galimoto ayenera kuiwala zinthu ziwiri. Choyamba, boti lilibe mabuleki. Chachiwiri, galimoto imakhota ndi matayala akutsogolo pamene boti limakhota ndi kumbuyo. Mukapotoza chiwongolero kumanja, injini imakankhira kumbuyo kwa boti kumanzere, ndipo botilo limazungulira pa malo ena amene ali chakutsogolo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake kuchokera kumphuno. Zili ngati kuyendetsa galimoto chobwerera m'mbuyo tsiku lonse.

Ineyo ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndinamasula zingwe, ndinapotoza chiwongolero kuti ndichoke padoko monga ndimachokera m'mbali mwa msewu, n'kulowetsa giya. Mphuno inachokadi bwinobwino, koma kumbuyo kunakhula matabwa a doko kuchokera poyamba mpaka pomaliza, phokoso lake lomveka kwa aliyense. Mzere umene unatsala m'mbali mwa botilo sunafufutike.

Pa injini yopachika kumbuyo, chimene chimakhotetsa boti ndi madzi amene pulopela ikukankha. Giya ikakhala pa nyutulo, chiwongolero chimakhala ngati chafa. Tsono tayerekezani kuti mukufika padoko, mphepo ikuchokera kudokoko kukukankhirani kunja. Mukabwera mofatsa kwambiri ndiponso motsata doko, kanyumba kagwira mphepo, mphuno ithawa, ndipo mnzanu atsala ataimirira ndi chingwe m'manja, doko lili mamita atatu uko. Ozolowera amabwera mopingasa, mphuno italoza doko, n'kumalowetsa giya kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, kenaka nyutulo. Lamulo lawo ndi lakuti chiwongolero kaye, giya pambuyo: amapotoza injini ili pa nyutulo, kuti mphamvu ikabwera ipite kumene akufuna. Chingwe chakutsogolo chikamangidwa, amapotoza chiwongolero kulozetsa kudoko n'kulowetsa rivesi pang'ono, kumbuyo kumabwera kokha. Pulopela nayo ili ndi khalidwe lake. Zambiri zimazungulira chakumanja boti likamapita kutsogolo, ndipo pa rivesi zimakokera kumbuyo kwa boti chakumanzere. Khalidweli limaonekera kwambiri pa injini ya mkati, ndipo amene walidziwa amaligwiritsa ntchito m'malo molimbana nalo.

Panyanja, chida chachikulu ndi kabatani kokweza ndi kutsitsa mwendo wa injini, kamene kamatchedwa trim. Mwendo ukalowa mkati, mphuno imatsika, ndipo umu ndi mmene boti liyenera kunyamukira. Likayamba kutsetsereka mumautulutsa pang'onopang'ono, mphuno imakwera, chiwongolero chimapepuka, liwiro limawonjezeka popanda kuwonjezera moto. Mukapitirira, boti limayamba kudumphadumpha mphuno ikukwera ndi kutsika, kapena pulopela imakoka mpweya injini n'kulira mopanda mphamvu. Maboti ambiri a kanyumba amakhalanso ndi timapiko tiwiri tachitsulo kumbuyo totchedwa trim tabs. N'tofunika chifukwa cha chinthu chodabwitsa: mphepo ikamaomba kuchokera m'mbali, boti lotsetsereka limapendekera kumene mphepo ikuchokera, osati kumene ikupita. Chifukwa chake n'chakuti woyendetsa amapotozera chiwongolero kumphepoko kuti asasochere, ndipo boti lotsetsereka limapendekera kumene lakhotera, ngati njinga pakona.

Mafunde akamachokera kutsogolo, mumatsitsa mphuno kuti mbali yakuthwa ija iwadule, mumachepetsa liwiro, ndipo nthawi zambiri kuwakwera mopingasa pang'ono kumachepetsa kumenyeka. Akamachokera kumbuyo, n'zosiyana: mphuno ikhale m'mwamba, timapiko tikwezedwe. Mphuno ikadzika m'funde la kutsogolo pamene lina likunyamula kumbuyo, boti limatembenuka mwadzidzidzi n'kupereka nthiti kufunde, ndipo apa ndi pamene maboti ang'onoang'ono amagubuduzika.

Kachingwe kofiira kozimitsira injini, komangirira pamwendo kapena pa jekete yoyandamitsa, kamaoneka kachabechabe mpaka woyendetsa atagwa boti n'kumazungulira lokha. Ku United States, kuyambira mu April 2021, lamulo limakakamiza kukavala pa maboti osafika mapazi 26 akamatsetsereka, koma silikhudza maboti amene chiwongolero chili mkati mwa kanyumba kotseka.

Injini: yopachika, ya mkati kapena ya pakatikati

Injini yopachika kumbuyo inafala chifukwa cha Ole Evinrude, amene anayamba kugulitsa kainjini ka hosipawa imodzi ndi theka ku Milwaukee cha m'ma 1909. Lero injini zamtunduwu ndi zimene zili pa maboti ang'onoang'ono ambiri. Zimasiya bwalo lonse lopanda chotchinga, zimatukulidwa pamadzi osaya, makaniko amazifika mosavuta, ndipo ikatha ntchito mumangomasula n'kupachika ina. Vuto lake n'lakuti kulemera kwake konse kumakhala kunsonga kwenikweni kwa boti.

Injini ya mkati, kawirikawiri ya dizilo, imakhala pansi chapakati, pamene kulemera kumathandiza boti kukhazikika. Imamwa pang'ono poyenda mofatsa, ndipo dizilo sagwira moto msanga ngati petulo. Koma bokosi lake limadya malo, pulopela yake siitukulidwa, ndipo pa rivesi boti limavuta kuwongola. Pakati pa ziwirizi pali sterndrive, imene kampani ya Volvo Penta inatulutsa mu 1959: injini ili mkati, mwendo uli kunja. Imatenga zabwino za mbali zonse, komanso imabwera ndi labala wopindikapindika pamene mwendo umalowera m'boti, ndipo labalayo akang'ambika madzi amalowa. Ngati injini ya mkatiyo ndi ya petulo, pali mwambo wosaphonya: kuyatsa fani yotulutsa mpweya kwa mphindi zinayi musanalize injini, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba ndipo imakhala pansi m'boti kudikira kamoto.

Pa injini zopachika, mkangano wakale ndi wa two-stroke ndi four-stroke. Ya two-stroke imaphulitsa mafuta pa kuzungulira kulikonse, choncho ndi yopepuka ndipo imanyamuka mwaukali. Imatentha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo zakale za kabuleta zimatha kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a mafuta osapsa m'madzi. N'chifukwa chake pa Lake Tahoe ku America anaziletsa mu 1999. Ya four-stroke imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Honda inayamba kupanga zotere mu 1964, koma zinadzafala malamulo a utsi atakhwima kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sizichita phokoso, sizimwa kwambiri, ndipo zimapirira kuyenda pang'onopang'ono maola ambiri, chimene n'chofunika kwa msodzi wokoka nyambo. Opanga two-stroke anayankha ndi injini zopopera mafuta mwachindunji, monga OptiMax ya Mercury ndi E-TEC ya Evinrude, koma mu 2020 kampani ya BRP inasiya kupanga injini za Evinrude, ndipo pa injini zazikulu four-stroke ndiyo yatsala pafupifupi yokha. Apa pali msampha kwa wogula boti lakale. Linapangidwa injini zili zopepuka. Four-stroke zambiri za mahosipawa 115 (115 HP) zimalemera pakati pa makilogalamu 160 ndi 190, ndipo za 150 HP zimapitirira 200. Kachitsulo ka pa boti kakhoza kuvomereza hosipawayo, koma kumbuyo kwa boti n'kukana kulemerako.

Hosipawa ndi muyezo umene anayambitsa James Watt poyerekeza injini zake za nthunzi ndi akavalo, ndipo imodzi ndi mawati pafupifupi 746. Anthu ambiri amaganiza kuti kuwirikiza hosipawa n'kuwirikiza liwiro. Pa boti lotsetsereka sizitero: mukawirikiza kawiri mphamvu, liwiro limawonjezeka ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 okha. Phindu lenileni la injini yaikulupo lili kwina. Imanyamula boti lodzaza anthu ndi katundu popanda kubuula, ndipo imatha kulisunga likutsetsereka isanafike kumapeto kwa mphamvu zake. Injini yochepa kwambiri imagwira ntchito ngati munthu wosenza katundu womuposa, tsiku lonse ili pa moto wonse, ndipo ikhoza kumwa mafuta ambiri kuposa yaikulupo. Kupitirira malire amene opanga analemba ndi nkhani ina: thabwa lakumbuyo limasweka, boti limavuta kugwira, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Pa mafuta, kawerengedwe kachidule n'kakuti injini ya petulo ili pa moto wonse imamwa malita pafupifupi 4 pa ola pa mahosipawa 10 alionse, ndiye ya 100 HP ikhoza kumwa malita 35 mpaka 40. Mukabweza moto pang'ono boti likadatsetsereka, kumwako kumatsika kwambiri. Oyenda panyanja amagawa thanki patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza, chifukwa nyanja yobwerera siimakhala yofanana ndi yopitira.

Mwendo wa injini nawo uli ndi misinkhu: mainchesi 15, 20 ndi 25 ndiyo yofala. Kachitsulo kafulati kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi kunsi kwa boti. Mwendo ukafupika pulopela imakoka mpweya, ukatalika umakoka madzi pachabe. Ndipo injini ikangolira, diso lipite pa kamadzi kamene kamatuluka m'mbali mwake. Kakapanda kutuluka ndiye kuti mwina pampu yoziziritsa siikugwira, ndipo kalabala ka mkati mwake kamapsa mofulumira ngati injini yalizidwa popanda madzi.

Pulopela ndiyo giya ya boti

Galimoto ili ndi magiya asanu kapena asanu ndi limodzi. Injini ya boti ili ndi imodzi yokha yopitira kutsogolo, ndipo chimene chimasankha kulemera kwa giyayo ndi pulopela. Pa pulopela pamalembedwa manambala awiri, tinene 13 x 17. Yoyamba ndi kukula kwake m'mainchesi. Yachiwiri, yotchedwa pitch, ndi mtunda umene ikanayenda pa kuzungulira kumodzi ikanakhala sikuluwu yolowa m'thabwa, pamenepa mainchesi 17 kapena masentimita 43. Madzi si thabwa, choncho imaterereka pang'ono.

Pitch yaikulu ili ngati giya yolemera ya njinga: pachidikha imathamanga, pachitunda imathyola miyendo. Njira yodziwira ndi imodzi. Kwezani katundu ndi anthu amene mumayenda nawo masiku onse, perekani moto wonse kwa kanthawi, muone ngati injini ikufika pa kuzungulira kumene opanga analemba, komwe pa four-stroke zambiri ndi 5,000 mpaka 6,000 pa mphindi. Ikalephera, pitch yachuluka, ndipo kuchotsa inchi imodzi kumawonjezera kuzungulira ndi 150 mpaka 200. Anthu ambiri amene amadandaula kuti injini yawo ndi yofooka amafunika pulopela ina, osati injini ina. Ya aluminiyamu ikagunda mwala imapindika yokha n'kuteteza magiya. Yachitsulo chosachita dzimbiri imagwira madzi bwino ndipo imakhalitsa, koma ikagunda, nkhonyayo ikhoza kufika mkati.

Bwalo lowedzera

Musanaboole boti kuti muike chilichonse, funso ndi lakuti mumawedza motani. Wokoka nyambo boti likuyenda amafuna zogwirira ndodo zopendekera kunja kuti zingwe zisakolane, komanso injini yotha kuyenda mofatsa. Nsomba zina zimafuna makilomita 3 kapena 4 pa ola, pamene nsomba zothamanga za m'nyanja yamchere monga tuna zimafuna kupitirira 10. Injini yaikulu nthawi zina siitha kufatsa mokwanira, ndiye ena amawonjezera kainjini ka mahosipawa 5 mpaka 10, kamene kamakhalanso kobwerera nako kumtunda yaikulu ikafa. Wowedza boti likutengeka ndi mphepo amavutika ndi kanyumba kaja, chifukwa boti limathamanga kuposa nyambo. Mankhwala ake ndi chithumba chansalu chokhala ngati fanulo chimene chimaponyedwa m'madzi kuti chigwire boti.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chida chilichonse chili ndi kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya nyambo zamoyo ya malita 80 ndi munthu wamkulu amene wakhala pakona tsiku lonse osasuntha. Ikakhala yosadzaza n'zoipa kwambiri, monga adziwira aliyense amene ananyamulapo beseni la madzi ofika pakati: madzi amathamangira kumene mwapendekera. Ndiye pakhale tsiku limene nsomba yaikulu yagwira. Wogwira ndodo ali pakona yakumbuyo, wina wabwera ndi ukonde wovuulira, wachitatu wabwera kudzangoona. Anthu atatu, injini ziwiri, mabatire ndi thanki, zonse pa ngodya imodzi. Timabowo totulutsira madzi a pabwalo timamira, madzi amayamba kulowera pamene anayenera kutulukira, mapazi anyowa, koma maso a onse ali pa nsomba. Kusamutsira mabatire chapakati ndi katundu wolemera m'kanyumba kumathandiza kuposa chida chilichonse chogula. Mabatirewo akhale awiri olekanitsidwa, lina lolizira injini lina la zida, kuti makina oonera nsomba asamalize moto wobwerera.

Makina oonera nsomba anayamba ndi abale awiri a banja la Furuno ku Nagasaki mu 1948, ndipo mu 1959 kampani ya Lowrance inatulutsa kabokosi kobiriwira konyamulika kamene kanawafikitsa kwa asodzi wamba. Amagwira ntchito ngati kufuula m'phanga n'kumvetsera mawu akubwerera. M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, choncho pa kuya kwa mamita 30 limapita n'kubwerera sekondi isanathe n'komwe gawo limodzi mwa magawo 20. Chimene chimabweza phokoso kwambiri mu nsomba ndi kathumba kake ka mpweya. Mafunde a phokoso a 200 kHz (muyezo wa kunjenjemera kwa phokoso) amaonetsa zinthu mwatsatanetsatane pamadzi osazama kwambiri, a 50 kHz amafika pansi patali. Makinawa saona nyanja yonse: ngati phokoso limene akutumiza n'lotambalala madigiri 20, pa mamita 30 akuona bwalo la mamita 10 okha. Kachipangizo kotumiza phokosoko, kotchedwa transducer, kamafuna madzi opanda thovu. Kakaikidwa kumbuyo kwa mzere wotumphuka wa kunsi kwa boti, chithunzi chimasowa boti likangothamanga, ndipo mwini wake amanyoza makina osalakwa.

Nangula amafuna chingwe chotalika kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa kuya kwa madzi kuti akoke chogona, ndipo tcheni chachifupi pafupi naye chimathandiza. Amamangidwa kumphuno basi. Mu February 2009, amuna anayi anapita kukawedza ku Gulf of Mexico kuchokera ku Clearwater ku Florida pa boti la mapazi 21. Nangula atakanirira pansi, anamangirira chingwe kumbuyo kwa boti n'kupereka moto kuti amuzule. Kumbuyo kunamira, boti linagubuduzika, ndipo anapulumuka mmodzi yekha. Pa boti la kanyumba chiyeso chomangira kumbuyo n'chachikulu, chifukwa kupita kumphuno kumafuna kuyenda pa kanjira kopapatiza boti likugwedezeka. Ndiye pogula n'kofunika kuona ngati pali chitseko cha padenga la kanyumba chofikira nangula, kapena malo oikapo makina okokera.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Pa kukula kwa injini, ena amati gulani yofika pa malire amene opanga analemba, simudzanong'oneza bondo. Ena amati pa boti lalifupi kulemera kowonjezerako kumawononga kakhalidwe ka boti likaima, pomwe msodzi amathera tsiku. Onse ali ndi maboti oti n'kukuonetsani.

Pali funso la injini imodzi yaikulu ndi kothandizira, kapena ziwiri zofanana. Ziwiri zimatembenuza boti pamalo amodzi ndipo imodzi ikafa inayo imakufikitsani. Koma ngati zonse zikumwa m'thanki imodzi, mafuta oipa amazipha pamodzi, ndipo kusamalira kumakhala kuwiri.

Injini zamagetsi zikubwera. Ting'onoting'ono tokokera nyambo si tatsopano, Minn Kota inayamba kutipanga mu 1934, ndipo tamakono timagwiritsa ntchito GPS kusunga boti pamalo amodzi popanda nangula. Koma kunyamula boti la kanyumba kuti litsetsereke maola angapo ndi nkhani ina, chifukwa kilogalamu ya petulo imasunga mphamvu yoposa ka 40 kuyerekeza ndi kilogalamu ya batire la lithium. Mota yamagetsi imataya mphamvu yochepa kwambiri kuposa injini ya petulo, koma kusiyanako sikunatsekeke. Kodi mabatire adzapepuka mokwanira, kapena anthu adzabwerera ku maboti olima madzi amene safuna mphamvu zambiri?

Ndipo pali makina atsopano amene amaonetsa nsomba ikusambira kutsogolo kwa boti nthawi yomweyo, msodzi n'kumaona pagalasi mmene ikuyandikirira nyambo yake. M'mipikisano ina yowedza ayamba kuwaikira malire. Owakonda amati ndi chida ngati mbedza yakuthwa, otsutsa amati nsomba zatsala opanda pobisala, ndipo oyang'anira nsomba m'maiko osiyanasiyana akufufuzabe ngati makinawa akuchepetsadi nsomba m'madzi kapena akungosintha amene akuzigwira.